Manja a Chalera

Sabata yatha, ndikudutsa pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu, ndidapeza ana awiri atasiya mpira nkumalozana zala. Wina ankati, "Anthu a kwanu ndinu otero basi." Mnzake nkubweza, "Nanga a kwanu? Mumangofuna kulamulira ndinu nokha." Ndidaima kaye, ndipo kunena zoona mtima udandiwawa. Ana oti ngakhale mamina sadziwa kupukuta bwino, koma dziko aligawa kale pakamwa. Mawu otere satola patchire, amawamva kwa ife akuluakulu tikamacheza. Nchifukwa chake ndati ndikulembereni nkhani ya Chalera, ana inu, kuti mudziwe kumene kudachokera mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri koma simuuopa.

Kalekale m'chigwa cha mtsinje wa Lidzuma mudali dziko limodzi la zigawo ziwiri. Kumtunda, kumapiri, kunkakhala anthu osula makasu ndi nkhwangwa, ndipo nsungwi zidali zawo. Kumunsi, kumadambo, kunkakhala anthu ophika mchere, ndipo udzu wabwino wofolerera nyumba unkamera kwawo. Chigawo chilichonse chidali ndi bwalo lake ndi mtsogoleri wake. Milandu ya mbuzi zodya mmera kapena ya maukwati inkathera komweko.

Koma zinthu zikuluzikulu zidali za onse. Padooko, pamalire a zigawo ziwirizi, padali nkhokwe yaikulu imene onse ankathiramo mapira pokolola, kuti idzawapulumutse chaka cha njala. Padalinso ng'oma yaikulu. Amene wasunga ng'omayo ndiye ankalamula za nkhokwe, ndiyenso ankaweruza milandu ya pakati pa zigawo. Ng'omayo sinkakhalitsa mbali imodzi. Chaka chino ikakhala Kumtunda, chaka chamawa ankaisenza kupita nayo Kumunsi, kuti pasakhale wina wodziyesa mwini dziko.

Komabe chimene chidamanga dzikolo kwenikweni sichidali ng'oma. Chidali chikamwini. Anthu a chigawo chimodzi ankati ndi magazi amodzi, choncho sankakwatirana. Mnyamata wa Kumtunda akakula ankatsika kukakwatira Kumunsi nkukhala komweko, kwa mkazi wake. Wa Kumunsi nayenso ankakwera mapiri. Ndiye mwaona: nyumba za Kumunsi zidamangidwa ndi manja a Kumtunda, ndipo za Kumtunda zidamangidwa ndi manja a Kumunsi. Pamowa ankanyozana mwachisuweni. A Kumunsi ankati anzawo ndi anyani a m'phiri, a Kumtunda nkuti inu ndinu achule a m'dambo, kenaka onse nkuseka, chipanda nkumazungulira.

Chalera adali mmodzi wa akamwini otsika kuchokera Kumtunda. Adakwatira Nalinde m'mudzi waukulu wa Kumunsi. Adali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, koma pomanga denga padalibe womuposa. Iye akamanga mapaso ndi luzi nkufolera, mvula inkangomveka kunja. M'mudzimo madenga ambiri adadutsa m'manja mwake, ngakhale la Nankhoma, mzamba wa m'mudzimo, amene mwamuna wake adamwalira kalekale. Pa nthawi ya nkhani yathuyi Nalinde adali woyembekezera, ndipo mimbayo idali yoyamba.

Chaka chimenecho mvula idadula mmera uli m'mawondo. Anthu adakolola zochepa, ndipo maso a aliyense adatembenukira ku nkhokwe ya padooko. Ng'oma idali Kumtunda, m'manja mwa mtsogoleri wawo Chimkwende, amene adalinso malume ake a Chalera. Musamuyese chilombo Chimkwende. Adali munthu woseka, wokonda kugawa fodya, koma mkati mwake mudali mantha. Ankati akaganiza zoti ng'oma ipita Kumunsi chaka cha njala, tulo sankatiwona. "Nanga akatsegula nkhokwe nkuyamba kudyetsa a kwawo, ife tidzadya miyala ya m'phirimu?" ankatero.

Tsiku lopereka ng'oma, a Kumunsi adafika padooko ndi mowa ndi nyimbo. Adadikira mpaka mowa udasasa. M'malo mwa ng'oma kudabwera mthenga wonena kuti chikopa chang'ambika, akukonza. Atapitanso kachiwiri adauzidwa kuti chaka cha njala sasintha wosunga nkhokwe. Mwambo umenewo palibe adaumvapo, ngakhale nkhalamba zopanda mano. Pasadapite nthawi, Chimkwende adatuma anthu kukatuta mapira onse a padooko kupita nawo kumudzi kwake, akuti kuti asungike bwino.

Mtsogoleri wa Kumunsi adali Dzimbiri, munthu wosachedwa kukhumudwa ndiponso wosaiwala mawu. Iye adaletsa mchere ndi udzu kuwoloka dooko. A Kumtunda nawo adaletsa makasu. Mawu aja a anyani ndi achule adayamba kutuluka popanda woseka. Ana amene ankasambira limodzi adayamba kugendana. Kenaka Dzimbiri adagwetsa mtengo, nkusemetsa ng'oma yakeyake, nkulengeza kuti kuyambira tsikulo Kumunsi ndi dziko palokha. Chimkwende atamva adati dziko limodzi silikhala ndi ng'oma ziwiri, ndipo ng'oma yabodzayo iphwanyidwe pamodzi ndi mudzi woisunga. Apa madzi adachita katondo.

Tsono mudziwe ichi: mwamuna ngakhale akhale kuchikamwini mpaka imvi, mwini wake amakhala malume ake. Malume akaitana, sukana. Atsogoleri onse awiri adatumiza mithenga yoitana ana awo kuti abwerere kwawo.

Mthenga wa Chimkwende adapeza Chalera kudambo akumweta udzu. Adayang'ana uku ndi uku, nkutsitsa mawu.

"Amalume ako akuti ubwere, ndipo usaiwale nthungo."

"Mkazi wanga ali pafupi kuchira," adayankha Chalera. "Ndimusiya bwanji?"

"Zimenezo aziganizira kale. Usadanyamuke, ukwere padenga pako ngati ukukonza podontha, umange mlaza wauwisi pansonga. Tsiku lobwera ndi moto, nyumba ya mlaza sitidzaikhudza. Koma pakamwa utseke."

Mthengayo adauza mawu omwewo mkamwini aliyense payekhapayekha, ndipo aliyense adayesa kuti wamutsina khutu iye yekha. Idali nyengo ya dzuwa, pamene anthu amakonza madenga podikira mvula, choncho mwamuna padenga sichidali chodabwitsa. Wina adakwera lero, wina mawa, aliyense nkumanga mlaza wake nkuzemba. Munthu wamantha amangoona denga lake lokha.

Chalera atatsika padenga adapeza Nalinde ataima pakhonde, dzanja lili m'chiuno, akumuyang'ana.

"Bambo, denga limeneli silidadonthepo chimangireni. Mumakonza chiyani?"

Chalera adalephera kunama. Adamulowetsa m'nyumba nkumuuza zonse.

"Ndiye mukupita kukatenga moto woti mudzatenthe mudzi wa amayi anga?" adafunsa Nalinde.

"Ine sinditentha kanthu. Ndingopita kuti amalume andione. Iwe ukangomva phokoso, ukhale m'nyumba muno. Muno simufika moto."

"Nanga nthawi yanga ikakwana muli komweko?"

"Masiku akadalipo. Ndibwera zisanachitike."

Adanena ngati akudziwa. Mwamuna wa nthawi imeneyo za uchembere sankazidziwa, ndipo sankafunsa nkomwe, popeza zidali za amayi okhaokha. Nalinde adafuna kunena kanthu kena, koma manyazi a mwambo adamutseka pakamwa. Adangomupatsa kathumba ka nsinjiro nkutembenukira kukhoma, misozi ili m'maso.

Padooko Chalera adakumana ndi mlamu wake Kafumbata, mchimwene wake wa Nalinde, amene adakwatira mlongo wake wa Chalera Kumtunda. Wina ankakwera, wina ankatsika, onse nthungo zili paphewa. Adaima pakati pa mchenga, poti mtsinje udali utaphwa.

"Alamu, mlongo wanga mwamusiya bwanji?" adafunsa Kafumbata.

"Ali bwino, koma watopa. Nanga wanga?"

"Ali bwino. Ana akukufunsani."

Adayang'anana. Aliyense adayang'ana nthungo ya mnzake, nkuyang'ana pansi. "Pitani bwino, alamu," adatero Kafumbata, ndipo adasiyana.

Kumtunda Chalera sadapeze mtendere. Amuna ankanola nthungo, ena akuimba nyimbo za nkhondo, koma nyimbozo zinkathera pakhosi. Aliyense adali ndi ana Kumunsi, ndipo aliyense ankadzitonthoza mumtima ndi mlaza wake. Chalera chakudya chinkamukanika. Ankakwera pathanthwe nkumayang'ana kumadambo. Anzake adayamba kunong'onezana kuti thupi lake ndi la nyani koma mtima ndi wa chule, ndipo manong'onong'owo adafika kwa Chimkwende.

Kumunsi, nthawi ya Nalinde idakwana msanga kuposa mmene mwamuna wake adanenera. Tsono mwambo wa kumeneko udali wakuti mkazi sachilira m'nyumba ya mwamuna wake. Amayi ankamutengera kwa mzamba, ndipo ankakhala komweko m'chikuta, osatuluka mpaka mchombo wa mwana utagwa. Ichi nchimene Nalinde adalephera kunena tsiku lija. Adamutengera kunyumba ya Nankhoma. Adavutika kwambiri, koma pomaliza adabereka mwana wamwamuna. Iye adatsala wofooka, woti ngakhale kukhala tsonga ankachita kumugwira.

Mphamvu zitangobwerera pang'ono, adagwira Nankhoma pamkono.

"Mayi, padenga panu pali mlaza?"

"Mlaza wa chiyani? Gona, mwana iwe, mutu ukukuzungulira."

Nalinde adaulula chinsinsi chija. Nankhoma adatuluka, nkuyang'ana madenga a m'mudzi, nkugwira pakamwa. Adabwerera akupukusa mutu.

"Amunawa alibe nzeru. Akuyesa moto uli ndi maso? Nanga ine wamasiye andimangire ndani?"

"Pezani wina akwere, mayi, chonde."

"Ndani? Akamwini adathawa, alongo athu ali kwa Dzimbiri akunola nthungo. Mkazi kukwera padenga udazionapo kuti?"

Komabe Nankhoma adapita kudambo, nkudula mlaza, nkuumanga pamtengo wa khonde pamene dzanja lake lidafika. Nalinde mtima udakhala pansi pang'ono. Koma chidali chaka cha chilala, ndipo mbuzi zinkadya chilichonse chobiriwira. Pofika madzulo pamtengopo padangotsala kachingwe ka luzi. Nankhoma sadatulukenso kukaona, poti mwana ankalira ndipo mayi ake thupi lidatentha.

M'mawa mwake amuna a Kumunsi adanyamuka ndi Dzimbiri, kudzera tsidya lina la mtsinje, kupita kukalanda mapira ndi ng'oma Kumtunda. Tsiku lomwelo a Kumtunda adatsika kudzera tsidya linalo. Nkhalango idawabisa, ndipo magulu awiriwo adapambanitsana osaonana.

Dzuwa lili paliwombo, amayi a Kumunsi adaona fumbi kunjira. Adabereka ana nkuthawira m'bango. Amayi ake a Nalinde adafika pakhomo pa Nankhoma akulira, koma mwana wawo sakadatha kuyenda, ndipo wonyamula padalibe.

"Thawani ndi adzukulu enawo," adatero Nankhoma. "Ine nditsala naye. Tidzitsekera, tikhala chete. Akaona kuti mulibe anthu apitirira."

Adatseka chitseko nkupiringidza ndi mtengo. Adaika mwana kubere la Nalinde kuti asalire.

A Kumtunda adalowa m'mudzi ndi miuni ya udzu. Mudali zii, nkhuku zokha zikupalasa. Chalera adathamangira kunyumba kwake. Adakankha chitseko. Mudalibe munthu. Adapuma mozama nkuganiza kuti Nalinde wathawa ndi anzake m'bango. Kwa nthawi yoyamba chichokereni, mtima wake udatsika, ndipo adabwerera kubwalo kumene kudali anzake.

Chimkwende adakweza dzanja. "Nyumba ya mlaza muisiye. Zotsalazo, moto!"

Amuna adabalalika ndi miuni yawo. Wina adafika panyumba yoyamba, nkuyang'ana pansonga: mlaza. Adapita pa yachiwiri: mlaza. Wina adafuula chakumadzulo, "Kuno yonse ndi ya mlaza!" Wina chakummawa, "Kunonso!" Ngakhale padenga la Dzimbiri padali mlaza, poti mkazi wake, amene iye monga mtsogoleri adamutengera kwawo, adali wa Kumtunda, ndipo mlongo wa mkaziyo adaumanga mobisa. Amuna aja adabwerera pabwalo mmodzimmodzi, miuni ikunyeka m'manja, osayang'anana kumaso. Apa mpamene aliyense adazindikira kuti mudzi umene adabwera kudzatentha ndi mudzi wa ana awo, womangidwa ndi manja awo.

Ana inu, apa mpamene nkhondo ikadathera. Pakadapezeka munthu mmodzi woseka, onse akadaseka, nkuzimitsa miuni mumchenga. Koma Chimkwende adachita manyazi, ndipo manyazi a munthu wamkulu ndi oopsa. Adaganiza za mmene anthu adzamusekere, kuti adatsika ndi nkhondo nkubwerera osatentha ngakhale khola la nkhunda.

"Palibe ngakhale imodzi yopanda mlaza?" adafunsa.

"Ilipo imodzi kumapeto uko," wina adayankha. "Ya mayi wamasiye."

Onse adapita kumeneko. Chimkwende adayang'ana padenga, adayang'ana pakhonde, sadaone kanthu. Adatembenuka, maso ake nkugwera pa Chalera.

"Mphwanga, bwera kuno. Anthu akuti mtima wako udatsalira kwa achule. Ine ndawakanira. Tenga muuniwu, uwatseke pakamwa."

Chalera ankaidziwa nyumbayo. Denga lake adafolera yekha, ndipo Nankhoma adamuphikira maungu tsiku lomaliza. Ankadziwanso kuti mayiyo ndi mzamba, koma mutu wake sudalumikize zimenezo ndi nyumba yake yopanda munthu ija. Mumtima adati, mayiyo wathawa ndi anzake, nyumba ndidzamumangira ina. Adafuna kukana, koma maso a amuna onse adali pa iye.

M'nyumbamo amayi awiri aja ankamva mapazi ndi mawu achilendo. Nankhoma adaika chala pamlomo. Nalinde adatchera khutu kufunafuna liwu limodzi lokha. Chalera akadangotsegula pakamwa, akadangoti, "Amalume, iyayi," mkazi wake akadamva nkufuula dzina lake. Ichi nchimene chimandipweteka ndikamakamba nkhaniyi. Munthuyo sadali woipa, koma adakhala chete. Adalandira muuni. Ndipo poti adali mmisiri, ankadziwa mbali imene mphepo imalowera m'denga. Adauika pomwepo.

Udzu wa chilimwe suchedwa. Moto udathamanga kukwera kunsonga, utsi nkulowa m'kati. Chalera adatembenuka kuti achoke. Adaponda kamodzi, kawiri. Pamenepo kudamveka kulira, kaliwu kakang'ono konjenjemera, ka mwana wobadwa dzulo.

Chalera adaima. Kenaka adamva chifuwa cha mkazi, ndi mawu amene ankawadziwa kuposa mawu ena onse: "Mayi, mwana! Tengani mwana!"

"Nalinde!"

Adadzigwetsa pachitseko. Mpiringidzo udakana. Adabwerera m'mbuyo nkudzigwetsanso, chitseko nkuthyoka. M'kati mudali utsi wokhawokha, ndipo udzu woyaka unkagwa. Nankhoma adali chogwada, dzanja lina lafungata mwana, lina likukoka Nalinde pamphasa. Asadafike pakhomo, luzi la pamwamba lidaduka, ndipo mapaso a pakhomo adayamba kutsika ali lawilawi. Akadagwa, khomo likadatsekeka. Chalera adakweza manja ake awiri nkuwagwira.

"Tulukani! Tulukani msanga!"

Nankhoma adakwawa pansi pa mikono yake nkuika mwana panja, nkubwereranso kudzakoka Nalinde. Nalinde adali wolemera, wopanda mphamvu, ndipo chitenje chake chidakola pachitseko chothyoka. Chalera sadasiye. Amuna a panja adamva fungo la mnofu wopsa, ndipo ndi pamene awiri adataya nthungo nkuthamanga kudzathandiza. Mapazi a Nalinde atangotuluka, Chalera adadziponya kunja, denga lonse nkugwa kumbuyo kwake.

Umo ndi mmene Chalera adaonera mwana wake koyamba: ali gone pafumbi, akulira, phulusa lili pamutu. Adatambasula manja kuti amunyamule. Atawaona manjawo, adawabweza.

Nankhoma adadzuka, tsitsi litawauka mbali imodzi, nkuloza Chimkwende. "Inu bambo inu, nkhondo yanu ndi imeneyi? Mwabwera gulu lonseli kudzamenyana ndi khanda?"

Kamvuluvulu wa masana adadzuka pabwalo, nkunyamula udzu woyaka, nkuumwaza pamadenga oyandikana. Moto sudafunse za mlaza. Udalumpha denga ndi denga. Ankhondo aja adataya nthungo, aliyense nkuthamangira kunyumba kwake akufuula dzina la mkazi wake. Madzi padalibe, mtsinje udali mchenga. Adamenya moto ndi nthambi, ena ndi manja, koma pofika madzulo mudzi wonse udali phulusa, pamodzi ndi ng'oma yatsopano ya Dzimbiri.

Ali chiimire pamenepo, wina adaloza kumapiri. Kumtunda nakonso kunkafuka utsi wakuda. Amuna a Dzimbiri adapeza mudzi wa Chimkwende wopanda amuna, ndipo pofuna kutentha nyumba ya mtsogoleri yokha, mphepo idawachitira zomwezo. Mapira onse a dziko, aja adasungidwa bwino aja, adapsa. Ng'oma yaikulu imene ankalimbirana idapsera m'nyumba ya Chimkwende. Pothamanga kubwerera kwawo, magulu awiriwo adakumana padooko, aliyense mtima ukuyaka chifukwa cha utsi umene wauona, ndipo adabayana. Kafumbata adagwa pamchenga pomwe paja adatsanzikana ndi mlamu wake. Amene adamubaya sadadziwike, koma mosakayika adali munthu amene adamwapo naye mowa.

Mbali zonse ziwiri zidati zapambana, koma wovina padalibe. Mvula yoyamba idabwera anthu akugona m'misasa ya masamba. Njala idalowa, ndipo idatenga ana ndi nkhalamba ambiri kuposa amene idatenga nthungo. A Kumunsi adali ndi udzu koma nsungwi ndi nkhwangwa adalibe. A Kumtunda adali ndi nsungwi koma udzu adalibe. Pomaliza amayi ndiwo adayamba kuwoloka dooko, mitolo ya udzu ili pamutu, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Amuna adatsatira pambuyo, mitu ili pansi.

Chalera adachira, koma zala zake zidapinda nkuuma, osatambasukanso. Nthawi yomanganso mudzi itafika, munthu amene ankaposa onse pomanga denga adangokhala pachitsa nkumauza ena ndi pakamwa. "Luzi limenelo lakhwepa, kokanso." Ankaona mfundo yolakwika koma sakadatha kuikonza. Nalinde sadamuthamangitse, ngakhale abale ake ena ankafuna. Ankamudyetsa, ankamumangira nsalu m'chiuno. Koma dzina la Kafumbata likatchulidwa ankatuluka panja, ndipo Chalera ankadziwa chifukwa chake. Mwana uja ankachita kumuikira pamiyendo. Sadamunyamulepo ndi manja ake, ngakhale tsiku limodzi.

Mwanayo atakula mpaka kuyamba kufunsa mafunso, tsiku lina adakhala pafupi ndi bambo ake nkugwira zala zopindazo, kuyesa kuziwongola.

"Ababa, manja anuwa adatani?"

"Adapsa, mwananga."

"Adakuotchani ndani? Anyani kapena achule?"

Chalera adadzidzimuka kumva mawu amenewo m'kamwa mwa mwana wake.

"Moto wake ndidayatsa ndine, ndipo iwe udali m'katimo," adatero. "Adatiuza kuti tikupita kukakonza dziko. Taona manjawa. Adamanga mudzi uno asadagwire muuni. Atagwira muuni sadamangenso kanthu. Nkhondo simanga mudzi, mwananga."

Amayi amene ankasinja pafupi adamva mawuwo, nkuwanyamula kupita nawo kuchitsime, ndipo kuchokera kumeneko adawoloka dooko. Kuyambira pamenepo, anthu awiri akayamba kukwezerana mawu pabwalo, wina ankangoti, "Nkhondo simanga mudzi," ndipo onse ankakumbukira manja a Chalera.

Tanthauzo la mwambiwu ndi lakuti ndewu, ngakhale uiyambe ndi chifukwa chooneka chabwino, siikonza chimene ukulimbiracho. Imangowononga, ndipo imawononga za wopambana ndi za wogonja pamodzi. Makamaka anthu a dziko limodzi akagawana nkuyamba kulimbirana ulamuliro, palibe amene angatenthe za mnzake zake nkutsala, chifukwa adakwatirana, adaberekerana, ndipo chimene wina alibe chili kwa mnzake. Chimkwende ndi Dzimbiri akadakhala pansi padooko nkukambirana za nkhokwe, ngakhale mokalipirana, mapira akadadyedwa ndi anthu osati moto. Kukambirana kumachedwa ndipo kumatopetsa, koma nyumba zimatsala zili chilili.

Tsono inu ana a pabwalo la mpira, wina akadzakuuzani kuti anthu a chigawo chakuti ndi adani anu, ndipo inu musaope chifukwa nyumba yanu ili ndi chizindikiro, musadzakhale chete ngati Chalera. Mudzafunse kaye kuti m'nyumba imene akukulozeraniyo muli ndani.